Zala Ziwiri za a Estevão

"Mukadangotenga nkhwangwa, alamu, n'kunditema masana anthu akuona, bwenzi ndikuti ndinu mwamuna. Osati izi. Izi n'za mfiti yamantha."

Adatero a Estevão, ali pampando pakhonde, mwendo atausanjika pamtondo wogoneka, phazi lonse lili mbuu ndi mabandeji. Patsogolo pawo padali mbale yachitsulo, m'mbalemo muli kanthu kosokedwa ndi nsalu yotuwa, kakang'ono ngati nzama, ulusi wakuda uli lende. Kanthu kameneka adakazula m'kati mwa macheka awo amagetsi, macheka omwe adawadya zala ziwiri zakuphazi Lachiwiri la sabata lomwelo.

Amene ankanenedwawo adali a Raimundo, achimwene ake a Odeta mkazi wa a Estevão. Adaima pabwalo manja ali kumbuyo, ngati adzera kudzaona nkhumba yamalonda.

"Macheka anuwo ine ndidawakhudzapo liti? Si inu nomwe mumatiletsa? Ndi kuwayang'ana komwe mumafuna tiziyamba taodira."

"Adanena kuti chinthu ichi tsiku lina chidzadya munthu ndani?"

"Ndine. Nanga sichidadye?"

Odeta adali chapambali ndi lichero, kupeta mphale imene adali ataipeta kale kawiri. Maso adali pamphale, makutu ali pakhonde. Kanthu kam'mbaleko adakaika m'machekamo ndi iyeyo, ndi manja ake omwewo ogwira licherowo.

Nkhani yake idayenda chonchi. Nkhondo itatha, Odeta ndi mwamuna wake adabwerako ku Zambia pa kaminyau, chigalimoto cha othawa nkhondo, kulowera pamalire pa Cassacatiza, ali ndi ana atatu, mapoto, mabulangete otuwa akumsasa, ndi bokosi limodzi limene a Estevão adalikhalira njira yonse ngati thadzi pamazira. M'bokosimo mudali macheka aja ndi kajenereta kowayendetsa. Bamboyu kumsasa adaphunzirako ukalipentala, adaphunzirakonso kupemphera, ndipo zonse ziwiri adaziphunzira mopitiriza muyeso. Adafikira kumudzi kwa mkazi, kufupi ndi Mualadzi, poti mkamwini kwake n'komweko.

A Raimundo sadathawe. Zaka zonse zija adazithera m'mapiri ndi mkazi wawo Vitória, kuvala masaka, kudya mpama. Ntchito yawo idali yocheka matabwa a mlombwa padzenje, wina pamwamba wina pansi, tsiku lonse fwe, fwe, utuchi m'maso. Ndiye mudziwa mmene zidalili masiku amenewo. Otsala ankati obwerawa anenepa ndi nandolo wa azungu. Obwera ankayang'ana otsala n'kumadzifunsa kuti anzawo onse adafa, awa adatsala ndi chiyani. Moni ankapatsana, mchere ankabwerekana, koma aliyense diso lili tong'o.

Macheka a a Estevão adali ndi malamulo ochuluka kuposa a gereja, nyumba ya Mulungu. Munthu asaime kumbuyo kwawo pamene akucheka, chifukwa mano akapanidwa chinthucho chimadumpha chobwerera. Thabwa likhale pamabenchi, lomangidwa, chidutswa chodulidwacho chigwe chokha pansi, wina asati ndikugwirireni. Mano atuluke kunsi kwa thabwa pang'ono pokha, ngati chikhadabo. Thabwa lakale aliyang'ane kaye misomali. Mkazi wa kapulana yolendewera, chitenje chofika pansi, akhale uko. Pogwira mano, ayambe azula chingwe kujenereta. Ndipo lamulo lalikulu, limene ankalinena m'mawa uliwonse ngati Atate Athu, lidali la chivundikiro. Mano ozungulirawo ali ndi chivundikiro chachitsulo chimene chimatsekuka chokha chikagunda thabwa, ndipo ukanyamula macheka chimabwerera chokha, tswa, kuphimba mano, chifukwa cha kawaya kopotana kamene kamachikoka. A Estevão asadalize jenereta ankachikoka ndi chala katatu, n'kuchisiya, tswa, tswa, tswa.

"Mwamva? Chikapanda kulira chonchi, lero kulibe ntchito. Ukasiya kukanikiza, mano saima pomwepo, amazungulirabe. Chondisunga ine ndi ichi."

Anthu ankabwera kudzaonerera, mpaka ochokera kutsidya kwa mtsinje. A Raimundo ankabweretsa matabwa awo, n'kuima kutali, kuona chimene iwo akadachita mpaka dzuwa pamutu chikutha munthu asadameze malovu. Tsiku lina ndi pomwe adalankhula mawu aja, akuti chinthu ichi chidzadya munthu. Adangonena, n'kulavula, n'kumapita.

Odeta adawamva. Mawa lake adaona achimwene akewo atawerama pansi pamabenchi, akuwola utuchi wa macheka aja n'kuthira m'chitini. Atawafunsa adati n'ngwoyala m'khola la nkhuku. Khola la nkhuku, munthu amene kudzenje kwake utuchi umafika m'mawondo. Kuyambira pamenepo Odeta sadagonenso tulo. Akaona achimwene ake akuseka ndi a Estevão, ankati akunyengerera. Akaona sakuseka, ankati mwaona.

Vuto lidali lakuti mwamuna wake za zitsamba sankafuna n'kumva komwe. Ali ku Zambia adapeza kamkuzi m'chiuno mwa Nércia, mwana wawo woyamba, adakadula ndi lumo n'kukaponya pamoto, nati, "Amake Nércia, aka n'koyamba ndi kotsiriza. Ndikadzapezanso zotere, ndidzanyamula zanga. Ana mudzalera nokha." Ndipo sadali munthu wolankhula zoti mawa aiwale.

Komabe mwamuna wamoyo wokwiya aposa mwamuna wam'manda. Odeta adadula kangodya ka bulangete limene a Estevão ankafunda, poti aliyense amadziwa kuti kwa sing'anga supita chimanjamanja, umatenga kansalu ka chofunda cha mwiniwake. Adanamizira kukagula mbewu ya nsawawa, n'kuyenda wapansi mpaka kwa mayi wina wa ku Nsadzo. Mayiyo adasokera mankhwala m'kansalu kaja nati, "Kakaikeni pakamwa penipeni pa chinthucho, pamene diso silifika. Kakakhala patali sikagwira ntchito."

Lamulungu m'mawa a Estevão ali kopemphera, Odeta adatsekula bokosi. Pakamwa pa chinthucho n'pamano, ndipo pamene diso silifika ndi m'kati mwa chivundikiro. Adachikoka monga ankaonera, n'kukankhira kanthu kaja m'kampata kam'mwamba, n'kumangirira ulusi kukawaya kopotana kuti kasagwe. Atachisiya chivundikirocho sichidalire tswa. Chidaima panjira. Iye adachikankha ndi dzanja, chidatseka, nati basi, zatheka.

Lolemba a Estevão sadacheke, kudalibe gazolina wa jenereta. Lachiwiri adapeza botolo limodzi lokha, ndipo mafelemu a mazenera a shikola, sukulu imene ankaimanganso, ankafunika msanga. A Estevão, munthu wa malamulo uja, adaliza jenereta chothamanga kuti mafuta asapite pachabe. Nsapato zawo zidali padenga zikuuma, kuphazi adali ndi mashinelu, timapatapata tija. Chivundikiro sadachiyese. Adadula thabwa loyamba bwinobwino, n'kusiya kukanikiza, n'kuika macheka pansi monga ankachitira masiku onse. Mano adali pamtunda, akuzungulira. Atangoluma dothi, chinthucho chidathamanga chobwerera ngati nkhumba yolasidwa, n'kudutsa paphazi.

Amene adawakweza panjinga n'kuwakankha mpaka kuchipatala ndi a Raimundo, malaya awo atamanga pabalapo. Odeta akuthamanga pambuyo, ndi m'misozi momwe, ankaganiza kuti taonani mfiti, ikufuna ikaone mapeto a ntchito yake. Zoti mwina n'kanthu kake kaja sizidamufike m'mutu mpaka Lachinayi, pamene a Estevão adaitanitsa macheka pakhonde, n'kuona kuti chingwe n'chozula, n'kupisa waya m'chivundikiro, kanthu kaja n'kugwera pamwendo pawo.

Ndiye ndi zimenezo adasonkhanira pabwalo tsiku limenelo.

"Tiyeni tikaombeze," adatero a Raimundo. "Kulikonse kumene mufuna. Ngakhale ku Zambia kwanuko."

"Ine kwa asing'anga sindiponda. Ndipo sindikangana nanu, mudzi ndi wanu. Mkamwini ndi mlendo. Loweruka la sabata yamawa a infirimeru akuchipatala akachotsa ulusi paphazili, ine ndi macheka anga tikakwera pa Cassacatiza. Mlongo wanuyu ndi ana ake ndi mbumba yanu, muwadyetsa."

Lichero lidamugwa Odeta. Nkhuku zidathamangira mphale, iye osaziingitsa. Akhale chete, mwamuna apita chifukwa cha achimwene. Aulule, mwamuna apita chifukwa cha iye. Uku moto, uku moto.

Apo ndi pomwe Vitória, mkazi wa a Raimundo, adayandikira. Mkazi wowonda ngati bango, wosalankhulalankhula, wa maso oona nsabwe pamutu pa munthu ali kutsidya kwa dambo.

"Tandipatsani ndikaone, alamu."

Adakatola ndi zala ziwiri, kukatembenuza, kukatikita pang'ono nsalu yake. Kenaka adakabwezera m'mbale, n'kupukuta zala pakapulana.

"Mwaonapo chiyani?" adafunsa a Estevão.

"Ine? Palibe. Kasokedwa bwino."

Pochoka adayang'ana Odeta kamodzi kokha, n'kumuthandiza kutola lichero.

Masiku otsatirawo Odeta adaonda ndi kuganiza. Vitória akabwera kudzapala moto, ndiye kuti wadzera kusuzumira m'nyumba. Akapanda kubwera, ndiye kuti ali kwina akunena. Amayi awiri akaseka pachitsime, akuseka iye. Mwana wa Vitória adadzapempha singano, Odeta n'kumubweza ndi mawu, chifukwa singano ndiye kuti chiyani. Ngodya yodula ija adaipinda n'kuisoka, ndipo poyala ankaonetsetsa kuti izikhala kumiyendo, mbali yakukhoma. A Estevão akangoti lero kwatentha, kayanikeni zofunda, iye n'kuwayang'ana ngati akudziwa. Iwo sankadziwa kanthu. Ankangokhala pakhonde kupukuta macheka ndi kansanza, kuthira mafuta pakawaya kaja, n'kumakoka chivundikiro, tswa, tswa, tsiku lonse, ngati munthu wofunsa mboni imene yayamba kunena zoona mlandu utatha.

Lachitatu Odeta ndi Vitória adakumana kumtsinje, awiriwiri. Odeta adafuna kubwerera, koma mtolo wa zochapa udali utatsika kale pamutu.

"Mwaswera, alamu," adatero Vitória, osadzutsa mutu pamwala. "Odwala ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Akulongedza?"

"Mufunse amuna anu, ndiwo adziwa chimene adachita."

Vitória adafinya malaya, kuwakung'untha, kuwayanika pachitsamba. Sadafulumire.

"Ife kumapiri kuja tidaphunzira nsalu, alamu. Munthu ukavala saka zaka zisanu, nsalu iliyonse umaidziwa ndi chala, ngakhale utatsinzina. Kanthu kaja n'ka bulangete lakumsasa. M'mudzi muno otsala tilibe zimenezo, kupatula limodzi limene mudandipatsa inu mutangofika. Langalo lili ndi ngodya zinayi. Ndidawerenga Lachinayi lomwelo. Anu ali ndi zingati?"

"Obwera m'mudzi muno ndife tokha? Mabulangete amenewo ali nyumba khumi."

"Eya. Nyumba khumi. Koma bokosi lija limagona m'nyumba imodzi, kumutu kwa mphasa. Ndiye wa nyumba zinazo adalowa bwanji, adasanduka khoswe?"

"Mukundinena ufiti?"

"Ufiti ayi. Mfiti imadziwa chimene ikuchita." Adatola malaya ena. "Mwamuna wanga akuyenda m'mudzi muno ana akumuthawa. Dzulo anthu a shikola abweza matabwa ake, akuti a mfiti safuna. Munthu amene adakankha njinga ija mpaka mapazi kutupa. Ndikupatsani mawa ndi mkuja. Loweruka m'mawa ndibwera ndi bulangete langa pabwalo panu, ndidzati tulutsani anu tiwerenge pamodzi. Ine kushikola sindidapiteko, koma mpaka folo, kaya mumati chiyani ku Zambia kwanuko, ndimafika."

Munthu wanzeru akadapita kwa mwamuna wake tsiku lomwelo, kugwada, kulira, zikadatha mwina. Koma Odeta nzeru zake zidali zamtundu wina. Adachapa zovala osaziona, akuwerenga m'mutu. Ngati bulangete la Vitória litapezeka nalonso lili ndi ngodya zitatu, ndani adzanene kuti lodulidwa poyamba ndi liti? Lake adalisoka kale, adzati lidapsa ndi moto ku Zambia. La Vitória lidzakhala ndi bala la dzulodzulo. Mwamuna adzakwiyabe ndi achimwene, inde, koma mwina iye adzamunyengerera kuti asamuke onse, akamange kwina, ngakhale ku Nsadzo. Achimwene ndi mwamuna wamkulu, adzapirira. Adapirira nkhondo.

Lachisanu dzuwa lidawala, ndipo Vitória adayanika bulangete lake pampanda wa kuseri kwa nyumba, n'kunyamula khasu kupita kudimba. Odeta adamuona akutsetsereka mpaka mutu udabisika m'bango. Adamuganizira kuti mwina watchera msampha, adadikira, adazungulira nkhokwe kawiri ngati akufuna nkhuku yotayika. Kudali zii. A Raimundo nthawi ngati imeneyo amakhala kudzenje. Adatulutsa mpeni m'chiuno, kugwira ngodya, n'kuyamba kucheka. Mabulangete akumsasa aja n'ngolimba ngati chikopa cha ng'ombe, mpeni udali wobuntha, ndiye adachita kuluma mlomo.

"Ufuna ndikunolere?"

A Raimundo adali atakhala pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa mpanda womwewo, macheka awo apadzenje ali pamiyendo, tupa lili m'manja. Kudzenje sadapite. Adzachekeranji matabwa amene anthu akubweza?

Odeta adaima mpeni uli m'manja, ngodya ili lende, yatsala pang'ono kuduka.

"Achimwene, ine ndimati..."

"Usanene. Ukanena ubodza ndikumenya, ndipo sindidakumenyepo chibadwire." Adadzuka, kukung'untha kabudula. "Mkazi wanga adandiuza Lachinayi lomwe lija. Ndidamukalipira. Ndidati mwana wa mayi anga sangaime pabwalo n'kumapeta mphale ine akunditcha mfiti. Ndidati ngati ndi iye, abwera yekha, timupatse masiku. Ndiye wabweradi."

"Mudatenga utuchi, achimwene. Mudati chidzadya munthu. Ine ndikadatani?"

"Utuchi wakudzenje ndi wauwisi, umawola m'khola. Wa alamu ndi wouma. Ukadafunsa kawiri bwenzi ndidakuuza. Ndipo chinthu chozungulira chonchija, chopanda maso, ngakhale mwana akhoza kuona kuti chidzadya munthu. Nyamula bulangetelo. Mpeniwo usasiye."

Adayenda naye kudutsa pabwalo masana onse akuona, Odeta patsogolo, bulangete paphewa, mpeni m'manja. A Estevão adali pakhonde pomwe paja. A Raimundo sadakhale pansi.

"Alamu, tumani mkazi wanu akatulutse chofunda chanu."

Odeta adakatulutsa. Adachiyala yekha pansi, ngodya yosoka ili poyera, pambali pake bulangete la Vitória ndi bala lake. Adanena zonse, za utuchi, za mayi wa ku Nsadzo, za Lamulungu m'mawa, za chivundikiro chimene chidaima panjira iye n'kuchikankha ndi dzanja. Anthu adali atayamba kale kuunjikana kumpanda. Vitória naye adatulukira, khasu lili paphewa, dothi lake louma, kuonetsa kuti kudimba sadalimeko ndi phando limodzi lomwe.

A Estevão adamvetsera osaphethira. Atatha adafunsa chimodzi chokha.

"Chidaima panjira, inu n'kuona, osandiuza?"

"Ndikadakuuzani bwanji, bambo a Nércia? Mukadafunsa kuti ndimafunamo chiyani m'bokosi."

"Ndiye mudasankha phazi langa."

"Ndimakutchinjirizani."

"Ndaona."

Adatembenukira kwa a Raimundo. Adati, "Alamu, ndidakulakwirani. Pamaso pa anthu awa ndidakutchani dzina loipa, pamaso pawo pomwepa ndikulibweza."

"Ndamva," adatero a Raimundo.

Zikadathera pomwepo, koma Vitória adali ndi ake amene adawasunga sabata yathunthu.

"Poti lero tikuwerenga, alamu, tiwerenge zonse. M'mawa uliwonse mumatiimika ngati ana a shikola, tswa, tswa, tswa, chikapanda kulira lero kulibe ntchito. Lachiwiri lija chidalira kangati? Ine ndidali apo ndikusenda chinangwa, sindidamve. Ndipo munthu amene amathamangitsa akazi chifukwa cha kapulana adali ndi mashinelu kuphazi. Chala chimodzi n'cha mlamu wangayu, sindikana. Chinacho mudadula nokha, ndi botolo lanu la gazolina."

Kumpanda wina adaseka, n'kudzigwira pakamwa. A Estevão nkhope idachita bii. Adayang'ana macheka ali pambali pawo ngati angawayankhire. Zidali zoona, ndipo zoona zonenedwa ndi mkazi wa mlamu pagulu zimawawa kuposa bala.

Loweruka a Estevão adapita kuchipatala, ulusi adachotsa. Pobwera adalowa m'nyumba, kumanga zovala zawo m'thumba, kutseka bokosi. Odeta adakhala pakhomo miyendo tambalale, ana atamuzungulira, osalira, misozi idali itatha. A Estevão adamudumpha ndi ndodo yawo. Adanena kuti adzanyamula zawo, ndipo adanyamuladi, munthu wa mawu amodzi. Koma wa zala zitatu kuphazi, bokosi lolemera ngati mwana wa ng'ombe, Cassacatiza ili kutali, ndipo ku Zambia msasa adali atatseka. Adafika pakati pabwalo n'kuima. A Raimundo adatuluka, kunyamula bokosi paphewa osafunsa, n'kukaliika m'kanyumba kawo kosungiramo matabwa. Ulendo wa ku Zambia udathera pamenepo, mapazi makumi atatu kuchokera pakhomo pa Odeta.

A Estevão adakhala m'kanyumbako dzinja lonse. Mafelemu a shikola adamaliza ali awiri, a Raimundo akumanga matabwa pamabenchi, a Estevão akucheka, nsapato kuphazi ngakhale zinyowe bwanji, ndipo macheka sankawaikanso pansi mpaka mano ataima, n'kuwagoneka chammbali pathabwa. Bokosi adaligulira loko ku Mualadzi, kiyi ali m'khosi. Chakudya Odeta ankatumiza, mbale zinkabwera zopanda kanthu, koma mawu ayi. Chimanga chitacha, tsiku lina adangoona bambo akubwera ndi thumba lawo, kulowa, kukhala, n'kufunsa ngati kuli madzi osamba. Za kanthu kaja sadazitchulenso, bulangete lija adalipereka kwa agalu. Bokosi lokha silidabwerere. Limagona kwa a Raimundo mpaka lero.

Ndiye banja lidatsala, koma mudzi sudabwerere m'malo. A Estevão ndi Vitória salankhulana, chifukwa cha chala chachiwiri chija. Dzinja lonse adadyanso ndiwo za Vitória osamuyankha ndi moni yemwe, akafuna mchere ankauza a Raimundo. Vitória amamulankhula Odeta tsiku lililonse, mokoma, kumufunsa ngati wagona bwino, ngati zofunda zikukwanira, ndipo Odeta ndiye adaleka kumuyankha. A Raimundo za kanthu kam'macheka adati adakhululuka, mantha ndi mantha, mkazi aliyense akadatero. Za mpeni pampanda ayi. Ana a Odeta amawadyetsa, amawameta, Nércia atadwala adamunyamula okha kupita naye kuchipatala. Koma mlongo wawo, wobadwa naye mimba imodzi, akakumana naye panjira yakuchitsime amapatukira kuudzu ngakhale kuli mame, ndipo chichokere Lachisanu lija sadamuuzepo liwu ndi limodzi lomwe.